Mpunga wa Sadaka ya Mayi Unathera Pafoni

Salaam aleikum amayi ndi abambo. Anzathu a kutchalitchi, mtendere ukhale nanu, ndipo mundibwereke liwu lanu lija loti umboni, chifukwa lero ndabwera kudzachitira umboni wodzineneza ndekha. Amene muli kumbuyo kumathandala sunthirani kuno, sindikuwa ayi. Mawu anga anathera padoko pompano, zaka makumi awiri ndikukangana mitengo ya usipa.

Ambiri mumandidziwa, ndine Abiti Daudi, wogula nsomba. Ena mumandidziwa ndi dzina lina limene mumanditchula ndikapotoloka, loti mayi uja anadya sadaka ya mayi ake. Musaweramitse nkhope, ndimamva. Ndipo si bodza, ndinadyadi. Apampando a gulu lathu la ogula nsomba atandipempha kuti ndiyankhule, ndinakana kawiri. Ndavomera chifukwa sabata yatha ndinaona mmodzi wa inu atakhala kuseri kwa bwato, foni ili m'manja, chala chili m'mwamba, maso ali gwa pa kawotchi. Sindimutchula dzina. Kakhalidwe kameneko ndimakadziwa, ndinakhalapo choncho miyezi isanu.

Ndiyambe ndi kudzitama, popeza kugwa kwanga kunayambira pamenepo. Padoko pano ine mtengo ndimautha. Bwato likakocheza m'mawa, ogula tonse titaunjikana, mwini nsomba n'kunena kuti beseni liyambire apa, ine sindithamanga. Ndimawasiya atsikana akwezerane, uyu aponye, uyo aponye, mpaka ndimve kuti mawu awo ayamba kulemera. Ndiye ndimaponya langa limodzi, beseni n'kukhala langa. Luso limeneli anandiphunzitsa ndi amalume anga, Che Jafali, amene anagula nsomba padoko lino maso awo asanayambe kuvuta. Landidyetsa ine ndi ana anga atatu kuyambira pamene bambo awo anatisiya. Amuna obetcha mpira ndinkawanyoza poyera. Ndinkati juga ndi haramu, ndipo munthu wa nzeru zake sangataye ndalama pa mpira umene akusewera anthu osamudziwa ku Ulaya.

Tsiku lina kunabwera Esinati, mayi amene amadzagula chambo cha kukhitchini ya hotelo ina ku Makokola. Anatulutsa foni yatsopano, pepala lake lisanamatulidwe n'komwe.

"Abiti, tangoganizani, ndagula zingati?"

Ndinatchula mtengo wa m'sitolo. Anaseka n'kunena kuti faivi sauzande basi.

"Yakuba imeneyo," ndinatero.

"Ayi, ya pa okushoni ya pafoni. Inuyo ndi luso lanuli mungawamalize onse."

Anandionetsa mmene zimayendera, ndipo inu amene simunazionepo mvetserani. Amaika katundu, kaya ndi wailesi, kaya ndi njinga yamoto, mtengo n'kuyambira pa ziro. Pambali pali kawotchi kowerenga chobwerera m'mbuyo. Ukadina kabatani, mtengo umakwera ndi K10 yokha, dzina lako n'kukhala pamwamba, kawotchi n'kubwereranso masekondi khumi ndi asanu. Wina akadina, dzina lake limachotsa lako. Amene dzina lake lili pamwamba kawotchi kakafika pa ziro, katundu ndi wake pa mtengo umene wafikapo. Koma kudinako si kwaulere. Umayamba wagula matikiti, imodzi K500, ndipo kudina kamodzi ndi tikiti imodzi. Esinati gawo limeneli analinena mothamanga, inenso ndinalimva mothamanga.

Chimene chinandikola chinali fuliji ya sola. Inu mukudziwa chimene fuliji ingachite kwa munthu ngati ine. Nthawi ya mvula usipa umawolera pathandala tikuona. Chambo timagulitsa motaya dzuwa likapendeka poopa kuti chinunkha. Nditaona chithunzi cha fuliji ija, ndinati mumtima, anthu awa sakudziwa kuti kuno ku Mangochi kuli Abiti Daudi. Ndinati ndi zomwezija za padoko, kudikira anzako atope, iwe n'kuponya lomaliza. Maganizo oti mwina ndi juga sanandifike n'komwe. Okushoni ndi malonda, abale athu a ku Namwera fodya wawo amagulitsa pa okushoni, ndani anawanenapo kuti ndi a juga?

Sabata yoyamba ndinawina ketulo yamagetsi pa K2,000. Inabweradi, pa basi, m'katoni yake, ndinakailandira ndekha kutauni. M'nyumba mwanga mulibe magetsi, koma ndinaiika pamwamba pa kabati kuti alendo aziiona. Matikiti amene ndinathera pa ketulo ija akanagula maketulo awiri m'sitolo, koma zimenezo sindinawerengere. Chimene ndinaona ine n'chakuti anthuwa si akuba, katundu amaperekadi.

Kuyambira pamenepo zinayenda mofulumira. Fuliji inkabwera kamodzi pa masabata awiri kapena atatu, ine n'kuithamangira, n'kuiphonya. Ndikaiphonya ndinkati ndalowa msanga. Ulendo wina ndinkati ndalowa mochedwa. Ulendo wina ndinkanamizira netiweki. Mabeseni khumi amene ndinkagula m'mawa anatsika kufika asanu ndi limodzi, kenako atatu. Swala ya masana, pemphero lathu lija, inayamba kundidutsa, chifukwa kawotchi ka masekondi khumi ndi asanu sikakupatsa mpata woti utawaze, kusamba kuja kokonzekera pemphero. Tsiku lina mvula inagwa usipa uli pathandala, ine ndili pakhonde ndikuiona mvulayo, koma sindinadzuke, poti dzina langa linali pamwamba. Usipa wonse unapita ku nkhuku.

Zili choncho, mayi anga anamwalira. Ankakhala ndi ine, anadwala masiku anayi okha. Titaika maliro, abale anakhala pansi kukambirana za sadaka ya masiku makumi anayi, ija timati arobaini. Anzathu a kutchalitchi, imeneyi kwa ife si phwando wamba. Timaphika mpunga, timazinga mbuzi, mashehe amawerenga duwa, ndiwo mapemphero athu, anthu amadya, ndipo sawabu zake, kapena kuti madalitso ake, timapempha kuti zimufike womwalirayo. Ndi chinthu chomaliza chimene mwana amawachitira mayi ake anthu akuona. Atafunsa kuti asunge zopereka ndani, panalibe wokangana. Onse anati Abiti Daudi, ndiye amadziwa ndalama.

A ku Namwera anatumiza. A ku Katuli, kumene mayi anabadwira, anasonkherana zochepa zawo n'kutumiza. Zambiri zinachokera kwa mlongo wanga Yusufu, amene ali ku Joni. Iye kumaliro sanabwere, mapepala ake si olongosoka, akanatuluka sakanabwereranso. Anandiimbira akulira.

"Achemwali, mayi sindinawaike. Dothi sindinaponye. Sadaka yokhayi muipange yoti aliyense akhute, anthu adziwe kuti mayi anabereka mwana wamwamuna."

Ndinamuuza kuti asadandaule. Ndalama zonsezo zinalowa mufoni yanga, foni yomweyo yogulira matikiti.

Masiku makumi atatu ndinapirira, sindinakhudze. Ndikunena zimenezi osati kuti mundiyamikire, koma kuti mudziwe kuti ndinkadziwa bwinobwino kuti si zanga. Kutatsala masiku asanu ndi anayi, fuliji inabweranso. Mpamba wanga unali utatheratu. Ndinati ndingobwereka matikiti makumi awiri, ndikawina ndiigulitsa fulijiyo, sadaka ya mayi idzakhale ya mbuzi ziwiri. Ndinayamba cha m'ma naini m'mawa. Makumi awiri atatha ndinagula makumi asanu, poti kusiya pamenepo kunali kutaya oyamba aja. Kenako zana. Sindinadye, sindinamwe madzi. Panali dzina lina limene linkadina kawotchi kakatsala sekondi imodzi, nthawi zonse sekondi imodzi. Kaya anali munthu kaya makina, mpaka lero sindidziwa. Ndinadana nalo dzina limenelo ngati mkazi mnzanga. Azana ya alasiri ikumveka kumzikiti, ndinapita kukagula matikiti ena, foni n'kundiuza kuti ndalama zanu ndi zosakwanira. Ndinangokhala n'kumaonerera. Anthu anadinabe kanthawi, kenako kawotchi kanafika pa ziro. Fuliji inapita pa K24,000 kwa munthu wina amene dzina lake ndinali ndisanalionepo tsiku lonselo.

Apa ndiye pamene ndimadzida kwambiri. Ndinali ndi masiku asanu ndi anayi oti ndinene. Ndikananena, abale akanandikalipira, akanasonkhanso pang'ono, kapena akanauza anthu kuti asabwere. Sindinanene. Ndinapita kumzikiti kukabwereka masufuliya atatu aakulu aja. Ndinadulitsa nkhuni. Amalume akafunsa za mbuzi, ndinkati ikuchokera ku Namwera. Akafunsa za mpunga, ndinkati ndalipira kale, akubweretsa. Ndinagulitsa ketulo ija ndi zitenje zanga zinayi, ndipo ndalama zake, m'malo mogula ngakhale mpunga wa mashehe okha, ndinagulanso matikiti.

Tsiku linafika. Anthu anayamba kubwera dzuwa likungotuluka. Mayi anga aang'ono, Abiti Mussa, mng'ono wawo wa mayi, anali atanyamuka ku Katuli dzulo lake. Inu mukudziwa mayendedwe a kumeneko, pena njinga, pena lole, pena wapansi, ndipo iwo ndi munthu wamkulu wa miyendo yotupa. Anafika ndi amayi anzawo asanu, anandikumbatira, n'kunena kuti sanadye kanthu m'njira, akusungira malo mpunga wa achemwali awo. Mashehe anakhala pamikeka. Amayi anakoleza moto, anathira madzi m'masufuliya onse atatu. Madzi anawira. Anandiyang'ana, ine ndinati galimoto ili m'njira. Madzi anaphwera, anathiranso ena. Ndinaima pamsewu n'kumayang'ana kumene kukanachokera galimoto imene ndinkadziwa kuti kulibe.

Dzuwa lili pamutu, amalume anandiitanira kuseri kwa nyumba.

"Mpunga uli kuti?"

Ndinayang'ana kumsewu.

"Ndalama zili kuti?"

Ndinawapatsa foni. Iwo sadziwa kuwerenga, anangoigwira n'kumaitembenuza. Ili m'manja mwawo choncho, inalira. Anali Yusufu, akuimba ya vidiyo, akufuna aone anthu akudya. Ndinawapempha amalume kuti asayankhe. Anayankha. Anayenda nayo mpaka pamoto, n'kumuonetsa masufuliya atatu a madzi okhaokha.

Mashehe anawerengabe duwa, chifukwa womwalirayo sanalakwe kanthu. Mnansi wina anathamanga kukatenga masamba a tiyi, anthu anamwa madzi aja opanda shuga. Panalibe wondikalipira, ndipo ndikanakonda akanandimenya. Ankangonyamuka mmodzimmodzi, kuvala nsapato, kumapita. Mayi aang'ono ndi anzawo ndalama yobwererera analibe, ankadalira kuti ndiwapatsa ine monga timachitira. Ndinamva pambuyo pake kuti mbali yaikulu ya njira anayenda wapansi ndi njala.

Mukuganiza kuti ndinasiyira pomwepo? Ayi. Ndinadzitsekera m'nyumba sabata yathunthu, ana akudya kwa aneba. Ndinaganizapo zoipa pa moyo wanga, sindibisa. Koma ngakhale pamenepo, mumtima ndinkati ndi malonda amene sanandiyendere, ngati mmene bwato limabwerera lopanda kanthu. Ndinagulitsa thandala langa limodzi mwa awiri, n'kugulanso matikiti. Ndinkati ndikawina chinthu chachikulu, ndidzawaonetsa onse kuti sindinali wopusa.

M'mawa wina amalume anabwera ndi ndodo yawo. Sanagogode. Anakhala pakhonde n'kuitana amayi awiri oyandikana nane. Kenako anati ndituluke.

"Ndamva ukuuza anthu kuti unkachita malonda, ndipo luso lake ndinakuphunzitsa ndine," anatero. "Ine maso anatha, zapafoni sindizidziwa. Tandiphunzitse malonda akowo, mwina ndingayambe nawo."

Ndinayamba kufotokoza. Anandidula. Anati zapakamwa samva, tichite. Anatuma mmodzi wa amayi aja kukatenga chitsononkho cha chimanga ndi kansomba kamodzi kouma ka utaka. Anatonola chimangacho n'kutigawira atatufe njere makumi awiri aliyense. Utaka uja anauika pansi pakati pathu. Kenako anavula kofiya yawo, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita pagulu, n'kuiika chagada pamiyendo pawo.

"Ine ndine mwini nsomba. Njerezo ndi ndalama zanu. Wofuna kutchula mtengo ayambe waponya njere imodzi muno. Si mmene wanenera?"

Ndinati ndi momwemo.

Tinayamba. Mayi woyamba anaponya, anatchula. Wachiwiri anaponya, anatchula. Ine ndinaponya. Aliyense akatchula, amalume ankawerenga pang'onopang'ono, wani, thuu, firii, ndipo asanafike pa faivi wina ankaponya. Poyamba amayi aja ankaseka. Koma posakhalitsa ndinaona mmodzi wasiya kuseka, wasunthira kutsogolo, akufunadi kuti kautaka kaja kakhale kake. Ine ndinachita zanga zija, ndinadikira, ndinawasiya aponyerane. Koma ndikaponya langa lomaliza, amalume ankayambiranso pa wani, wina n'kuponya, langa lija osakhalanso lomaliza. Njere zanga zinatha. Za mayi woyamba zinatha. Wachiwiri anatsala ndi ziwiri, n'kutenga utaka.

Amalume anatembenukira kwa ine. Kenako anandifunsa.

"Padoko paja, ukalephera beseni, umapita kunyumba ndi chiyani?"

"Ndi ndalama zanga."

"Zonse?"

"Zonse."

"Tambasula dzanja lako."

Ndinatambasula. Munalibe kanthu. Anauza mayi woyamba uja kuti atambasule, munalibenso kanthu. Anamufunsa wopambana uja ngati pamsika angagule kautaka kamodzi ndi ndalama khumi ndi zisanu ndi zitatu mwa makumi awiri zimene ali nazo. Mayi uja anakayang'ana kautaka kaja n'kukaika pansi. Ndiye amalume ananyamula kofiya n'kuigwedeza pafupi ndi khutu langa, njere zikuchita phokoso.

"Ine ndatchula mtengo kangati?"

"Simunatchule."

"Ndatopa?"

"Ayi."

"Chimene ndinakuphunzitsa ine ndi kudikira kuti anzako atope. Koma apa amene ukulimbana naye si anzakowa. Ndi wa kofiya, ndipo wa kofiya satopa. Ukadikira, akudya. Ukathamanga, akudya. Iwe usadzanenenso kuti izi unaphunzira kwa ine."

Munthu amene pamaliro a mlongo wawo sanagwetse msozi, analira pakhonde langa, mutu uli pamtunda wopanda kofiya.

Anafunsa kuti fuliji ija inapita pa zingati. Ndinati K24,000. Anati popeza ndimadziwa masamu, ndiwerenge kuti anthu anadina kangati. Ndinatenga kamtengo n'kulemba pansi. Ngati kudina kamodzi kumakweza K10, ndiye kuti anthu tinadina ka 2,400. Kudina kulikonse K500. Nditachulukitsa, ndinabwereza kawiri poganiza kuti ndalakwitsa. Inali miliyoni imodzi ndi mahandiredi sauzande awiri, pa fuliji imodzi, imene m'sitolo sinkafika n'komwe pamenepo. Miyezi isanu ndinkayang'ana nambala yaing'ono ija ya pamwamba. Nambala yaikuluyi inali poyera nthawi yonseyi, ine wodziwa mitengo sindinaiwerengepo ngakhale tsiku limodzi.

Amalume sananene kuti ndi juga. Ndinanena ndine. Ndinati, amalume, ndakhala ndikutchova juga. Ndinatchova mpamba wanga, ndinatchova mpunga wa mayi anga. Liwu limenelo litatuluka m'kamwa mwanga ndinasanza, pomwepo pabwalo, amayi aja akundigwira.

Tsopano ena mwa inu mumandifunsa kuseri kuti, Abiti, kodi anthu ajawa ndi akuba kapena ndi ovomerezeka? Za malamulo a boma ine sindidziwa, sindine loya, ndipo sindikunamizani. Katundu ena amaperekadi, ketulo ndinaigwira ndi manja angawa. N'chifukwa chake ndi zoopsa, wakuba weniweni umamuthawa tsiku loyamba. Esinati uja foni yake ali nayo mpaka lero, koma ndinadzamufunsa maso ndi maso kuti matikiti onse pamodzi anamudyera zingati. Anayang'ana kumbali n'kunena kuti akanangopita kusitolo, akanatsala ndi chenji. Kaya pakhomo pawo analemba kuti okushoni, kaya kuti msika, ngati ukulipira kuti uyese mwayi, ndipo ukalephera ndalamayo osabwerera, ine amene ndinalowamo ndikuti ndi juga. Kusiyana kwake ndi ya mpira n'kwakuti iyi imakola ife odzitcha ochenjera, amene ya mpira timainyoza.

Kubwerera kwake sikunali kokoma, ndipo sikunathe. Tsiku lomwelo foni ija ndinawapatsa amalume, anakaigulitsa, anandigulira kafoni ka mabatani aka mukukaona apa. Musaganize kuti mungasiye foni ili m'thumba. Ine chala chinkandiyabwa miyezi itatu, makamaka ndikamva foni ya munthu ikulira. Chinkandithandiza n'chakuti ndinawauza amayi awiri aja kuti chilakolako chikandigwira ndizibwera kudzakhala pakhomo pawo mpaka chidutse, ndipo ndinapitadi kangapo, iwo n'kundipatsa nyemba zoti ndisankhe.

Ndinapita kwa shehe kukafunsa za toba, ndiko kulapa. Anandiuza kuti Allah amakhululuka, koma za anthu zimathera kwa anthu, pamkeka wa swala pokha sizingathere. Ndiye ndinayenda khomo ndi khomo kwa aliyense amene anasonkha, kukanena ndi pakamwa panga chimene ndinachita, osati kuti ndalama zinasowa, koma kuti ndinatchova juga. Ena anandipatsa mpando. Ena anandiyankhira pawindo. Yusufu anatseka nambala yanga, ndipo sindimuimba mlandu.

Mpamba ndinalibe, choncho ndinayamba ganyu. Ambiri mwa inu munandiona ndikusenza mabeseni a atsikana omwe aja ndinkawagonjetsa pamtengo, ndikuyanika usipa wa eni ake. Ena munandilemba ganyu mwachifundo, ena kuti mundione bwino. Onse ndikukuthokozani, chifukwa ndalama yake inali imodzimodzi. Ndikapeza kangachepe, sindinkasunga ndalama, ndinkagula mpunga, kilo imodzi, makilo awiri, n'kukasiya kwa amalume, iwo n'kutsekera m'chipinda chawo. Mpaka lero ndalama ya anthu sindisunga ndekha, ndipo m'gulu lathu lino ndikupempha kuti ya maliro kapena ya sadaka isamakhale mufoni ya munthu mmodzi, ngakhale munthuyo akhale woswali kasanu. Inenso ndinkaswali kasanu.

Iwe amene ndinakuona kuseri kwa bwato, sindikufuna uimirire. Ukachoka pano ukamuuze munthu mmodzi nambala yeniyeni imene wathera, osati theka lake. Zimene zapita usazithamangire, sizili m'njira, zinafika kale kwa mwini wake. Ndipo ngati wakhudza kale za eni, nena lero, anthu asanakoleze moto.

Panatha chaka ndi miyezi inayi kuti mpunga ukwane ndi kuti mbuzi ipezeke. Tinachita sadaka ya mayi mwezi wathawu. Anthu anabwera ochepa poyerekeza ndi poyamba, koma anadya, anakhuta, wina unatsala. Amalume anapempha munthu kuti ajambule n'kumutumizira Yusufu. Zithunzi anaziona, sanayankhe.

Mayi aang'ono a ku Katuli anabweranso, ndi miyendo yawo yomweyo. Nditawaona akulowa pabwalo ndinalira, ndinati basi, andikhululukira. Anandikumbatira ngati kale. Ndinawapakulira ndekha, ndinawasankhira nyama yofewa. Akudya, ndinaona kampukutu ka chitenje kali pambali pawo, akukagwiragwira. Ndinaganiza kuti andibweretsera kanthu. Ndinafunsa kuti, amayi, mwanyamula chiyani umu?

Anachita manyazi. Anamasula pang'ono. Munali chinangwa chophika ndi kabotolo ka madzi, ndipo pakona pa chitenjecho anamangapo ndalama ya thiransipoti.

"Usadandaule mwanangu," anatero. "Sikuti ndakukwiyira ayi. Ndinangoti mwina, ndiye ndisadzavutikenso m'njira."

Analibe mawu achipongwe, ankanena zoona zawo. Anamaliza mpunga wawo, anandidalitsa, anawapempherera achemwali awo. M'mawa mwake ndinawaperekeza mpaka pasiteji, ndipo kampukutu kaja ndinawanyamulira ndine njira yonse.